Evelyn Wochapa pa Sabata

Evelyn NyaManda ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo anabadwa akuchapa. Wokana akafunse azamba a ku Tukombo. Mwana anangotuluka, n'kuyang'ana nsalu imene anamulandiriramo, n'kuchita tsinya, n'kuyamba kuitikita ndi timanja take. Azambawo anamwalira kalekale, ndiye mboni ndatsala ndekha, ine Joel Manda, amalume ake, kapena asibweni monga timanenera kwathu.

Kwathuko ndi kamudzi ka pakati pa Kande ndi Tukombo, kumene munthu amabadwa n'kupeza ntchito ziwiri zikumudikira pakhomo, bwato ndi munda wa chinangwa. Evelyn anakula wamfupi, wa mikono yolimba, wosayankhulayankhula. Mawu amene iye amayankhula chaka chathunthu, ine ndimawamaliza ndisanasukusule. Sukulu analekezera Sitandade 7 chifukwa mayi ake anayamba kudwaladwala, ndipo kumbuyo kwake kunali ana anayi a pakamwa potsegula ngati tiana ta mpheta.

Tsiku lina, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ufa unatha m'nyumba. Mayi ali gone, ana akulira. Evelyn anatenga chinangwa chouma, n'kuthira mu mtondo, n'kuyamba kusinja. Tsoka lake, linali tsiku Lamulungu, limene ife Apresibeteriya a kunyanja timalitcha Sabata, ndipo pa Sabata kwathu sitiponya khoka, sitisinja, sitichapa. Munsi unangogunda katatu, mawu ake n'kufika m'khutu la Ada Lameck Mhone.

Muwadziwe bwino Ada Lameck. Anagwira ntchito ya muhotela ku Bulawayo zaka makumi awiri, n'kubwerako ndi suti yakuda, wotchi ya tcheni, ndi bulangete lofiira lokhala ndi chithunzi cha mkango pakati. Bulangetelo ankafunda pa maliro alionse, moti mudzi wonse unkaudziwa mkangowo kuposa abale ena. Anali mkulu wa mpingo wowopedwa. Makutu awo ankamva singano ikulowa mu nsalu pa Sabata ali mtunda wa makilomita atatu. M'masiku awo, atambala a m'mudzi mwathu ankalira motsitsa pa Sabata, ndipo usipa unkabwera kudzasewera m'mphepete penipeni, ukudziwa kuti loya wawo ali moyo. Ine ndemwe anandidula mu mpingo kawiri, kamodzi chifukwa chokokera bwato kumtunda. Ndinawauza kuti bwatolo linanditsatira lokha, koma sanamve.

Evelyn anamudula miyezi isanu ndi umodzi. Wodulidwa kwathu sadya nawo mgonero, ndipo amakhala pa benchi la kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene aliyense wolowa amakuona n'kudziwa kuti pali nkhani. Mtsikanayo anakhala pamenepo osadandaula. Loweruka lililonse ankabwerabe kudzasesa m'tchalitchi, n'kupukuta ngakhale mpando wa Ada Lameck. Ine ndikanauthira chitedze.

Evelyn anakwatiwa ndi Elias, msodzi wabwino, amene mwera unamutenga pamodzi ndi bwato lake chaka cha 1998, n'kumusiyira ana atatu. Ndipo Evelyn anapeza ntchito yochapa pa loji ina ku Kande. Mlungu woyamba anangotsala pang'ono kuchotsedwa. Mtsikana wina wachizungu anamupatsa thalauza yong'ambika m'mawondo monse muwiri. Evelyn anamumvera chisoni mwana wa eni ake, n'kuisoka bwinobwino, zigamba zake zosaoneka. Mzungu uja analira mpaka madzi a m'nyanja anakwera, ati anaigula yong'ambikiratu, komanso modula. Evelyn anangoti, "Pepani ama," n'kubwera kunyumba akupukusa mutu. Kuyambira pamenepo amayamba wafunsa kaye ngati chibowo chili cha umphawi kapena cha fashoni.

Koma chimene anthu ankamudziwira kwambiri si sopo. Ndi pakamwa. Amayi akakumana ku madziwe oviikamo chinangwa, nkhani zimawira kuposa chinangwacho. Evelyn ankamva zonse, osatulutsa ngakhale imodzi. Mkazi akamenyedwa, ankathawira kwa Evelyn. Mtsikana akatenga pathupi, woyamba kudziwa anali Evelyn, ndipo ndi iye amene ankamuperekeza kwa makolo ake n'kukhala pakati mpaka mkwiyo utazizira. Wophika wa ku lojiko, munthu wa ku Zomba wopanda mbale kuno, atadwala chifuwa chachikulu, amene ankamupitira ndi phala miyezi inayi anali yemweyo. M'mimba mwa mwana ameneyu muli nkhani za mudzi wonse. Tsiku lina akadzangoyetsemula mwamphamvu, maukwati makumi anayi adzatha.

Nkhani yeniyeni inachitika mu 2004. Ada Lameck anali atatha chaka osaponda m'tchalitchi. Ati miyendo. Akazi awo anali atamwalira, ana aakazi ali ku maukwati ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo mkuluyo anadzitsekera m'nyumba. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, akapita kukawaona, ankawalandirira pa zenera. Wina akayesa kukankha chitseko, ndodo inkatuluka payokha, mwini wake asanaoneke. Tinkati ndi ukalamba chabe. Seshoni, limene ndi bwalo la abusa ndi akulu a mpingo, inagamula kuti dera lathu lisankhe mkulu wina.

Apa m'pamene anadzuka Duncan, mwana wamwamuna wa Ada Lameck. Anali atangobwera kuchokera ku Joni, n'kumanga nyumba ya malata ofiira m'mbali mwa msewu ku Kande. Nsapato zake zinali zosongoka moti zinkafika ku Chintheche iye akadali pa Kande. Munthu woipa sanali ayi, koma ankaona ngati ukulu wa mpingo uli ngati khoka la bambo, mwana amangolitenga.

Komanso tisamunamizire yekha. Matipate anali atatiphunzitsa kale kuti chisankho ndi nyengo imene munthu amalandira kanthu. Chaka chomwecho tinali titavala malaya a zipani zinayi, ena kuphatikiza awiri nthawi imodzi kukazizira. Ndiye Duncan atayamba kampeni, palibe anadabwa. Paketi ya shuga khomo lililonse. Yunifolomu ya kwaya. Analonjeza belu lochokera ku Joni loti likalira, a ku Mozambique tsidya lija azibwera ku mapemphero pa nthawi yake. Shugayo ine ndinalandira mapaketi awiri, chifukwa ndinamuuza kuti nyumba yanga ili ndi makomo awiri.

Sabata ya chisankho abusa anayankhula mosapsatira. "Abale, ukulu wa mpingo si ukhansala, si ufumu wosiyirana. Musayang'ane suti. Yang'anani mmene munthu amakhalira pakhomo pake. Kodi amaugwira mtima? Kodi mungamuuze chamanyazi chanu, mawa n'kuyenda pamsika mutu uli m'mwamba? Kodi mutadwala matenda onunkha, angalowe m'nyumba mwanu?" Tonse tinagwedeza mitu, shuga wa Duncan akuyenda m'magazi mwathu. Kenako anatigawira timapepala. Powerenga, Duncan anapeza mavoti 23. Evelyn, amene sanapemphe voti ngakhale kwa ine amalume ake, anapeza 81. Tiyi tinamwa, koma cholembera chinalemba zake.

Evelyn tsiku limenelo analowa mochedwa, ulaliki uli mkati, monga ankachitira miyezi imeneyo. Atamva dzina lake anayang'ana kumbuyo, kufuna kuona Evelyn winayo.

Tsono mwambo wa mpingo wathu ndi wakuti wosankhidwa sakhazikitsidwa pompo. Dzina lake limawerengedwa m'tchalitchi masabata atatu, ndipo aliyense wodziwa chifukwa pa moyo wa munthuyo amauzidwa kuti abwere nacho ku seshoni. Pakapanda wotsutsa, amamuika manja. Pakapezeka chifukwa chomveka, dzina limafufutidwa.

Pano ndiyenera kuulula tchimo langa. Masabata angapo chisankho chisanachitike, ndinadwala malungo a mtundu wachilendo, amene amayamba belu loyamba likalira n'kutha nyimbo yotsekera ikamveka. Pofuna kuwongola miyendo, ndinatsikira ku kamtsinje ka kuseri kwa minda kukaona ngati mono wanga unali bwino. Kungouona chabe. Ndiye kumunsi kwa madziwe a chinangwa ndinaona Evelyn, atapinda chitenje, ali chichapire, thovu mbuu. Pa Sabata! Ndinabwerera chobisala. Ndikanakhala munthu, ndikanasunga. Koma Lachiwiri lake pa bawo ku Kande, nkhani zitandithera, ndinaitulutsa, ndipo ndinaithira mchere. Ndinati mwana wa mlongo wanga anachapa zovala zoti utaziyanika zingayambire pa Kande mpaka pa Mpamba, ndipo thovu lake linatseka kamtsinje, ng'ona n'kutuluka zoyera ngati anamwino. Anthu anaseka, ine n'kuiwala. Duncan anali pomwepo, ndipo sanaiwale.

Sabata yachiwiri yowerenga dzina, anaimirira ndi kalata m'manja. "Abusa, ndili nacho chifukwa. Mayi ameneyu amachapa pa Sabata, nthawi ya mapemphero. N'chifukwa chake amalowa mochedwa. Bambo anga anasunga Sabata m'mudzi muno zaka makumi anayi. Mpando wawo ukhale wa munthu wophwanya Sabata?"

Abusa anati seshoni ikumana Loweruka m'mawa. Aliyense anadziwa tanthauzo lake. Evelyn akapanda kupereka yankho lomveka, ukulu watha, komanso abwerera pa benchi la kumbuyo kachiwiri, ali mayi wa zaka makumi anayi, mwana wake wamkazi akumuona kuchokera mu kwaya.

Lachitatu madzulo, atangoweruka ku loji, ndinapita kwawo. Ndinamupeza akusenda chinangwa.

"Timoneni asibweni," anandilonjera, n'kundikankhira kampando ndi phazi. "Malungo aja anatha?"

"Iwe, usandinyoze. Ndabwera kudzakupulumutsa. Ukanene kuti ndine wabodza. Mudzi wonse ukuchitira umboni, ngakhale abusa."

"Koma apa simunaname. Ndinachapadi."

"Zovala za ndani?"

"Zakuda."

"Ndikufunsa mwini wake."

"Asibweni, ndikakuuzani inu, kuli bwino ndikalengeze pa wayilesi, mwina ku Usisya sikungamveke."

Ndinamuuza kuti ataya ukulu. Ndinamukumbutsa za benchi lija, ndi mphepo yake ya pachitseko. Anasiya kusenda, n'kuika mpeni pansi.

"Benchilo ndimalidziwa, silipha munthu. Ukuluwo ndimaufuna, asibweni, sindinama. Chichokereni Elias, palibe tsiku limene ndinamva bwino ngati lija anthu analemba dzina langa. Koma ngati kuti ndiupeze ndiyenera kuvula munthu pagulu, ukhale. Mawa wina adzandiuze chake bwanji?"

Ndinabwerera kunyumba ndikudzitukwana. Ndili m'njira, ndinayamba kuchotsa mchere wonse umene ndinathira pa nkhani ija, kuti ndione chimene maso anga anaona chenicheni. Ng'ona ndinazichotsa. Zovala zofika ku Mpamba ndinazichotsa. Panatsala mashiti awiri, thalauza imodzi yakuda, ndi chinthu chofiira choyanikidwa pa thanthwe. Chofiira, chokhala ndi mchira pakati. Ndinaima chilili pakati pa njira mpaka wa njinga anandiimbira belu.

Lachisanu masana ndinafika pakhomo pa Ada Lameck. Ndinaodira kuchokera patali, poganizira ndodo.

"Ndani?" mawu anatuluka pa zenera.

"Joel Manda, ada."

"Wa bwato loyenda lokha? Ukufuna chiyani?"

"Ndadzafunsa za mkango wanu. Ndinauona ukusamba ku mtsinje pa Sabata."

Panapita nthawi yoti munthu angaphike kondowole n'kudya. Kenako chitseko chinatseguka pang'ono. Ndinali nditatha chaka chathunthu osalowa m'nyumba imeneyo, ndipo nditalowa, mphuno yanga inandiuza zonse zimene Evelyn anakana kundiuza. M'nyumba munali mosesa bwino, koma fungo la mkodzo silimvera tsache. Mkulu uja anali atatha, khosi ngati la nkhuku yonyowa, koma maso anali omwe aja.

"Wakuuza ndi iye?"

"Iye? Ndi bwino kufunsa mwala. Ada, kodi mukudziwa kuti mawa akumuweruza?"

Sankadziwa. Evelyn anabwera Sabata yapitayo monga mwa masiku onse, n'kuchapa, n'kupita, osatchula kanthu ngakhale za chisankho. Ndinawafotokozera zonse, za mavoti, za kalata ya Duncan, ndi za pakamwa panga. Ndinati akapanda kuyankhula munthu, mwanayo adulidwa.

"Ndipite ine? Ndikaime pamaso pa ana amene ndinawaphunzitsa katekisimu, ndikawauze kuti Lameck Mhone amanyowetsa mphasa? Tuluka."

"Ada, mwanayo..."

"Ndati tuluka, Joel!"

Ndodo inayamba kugwedezeka, ndipo ine ndi ndodo imeneyo timadziwana kuyambira kale. Ndili panja ndinafuula kuti mawa m'mawa ndidutsa pomwepo ndi njinga, chifukwa njinga yanga nayonso imayenda yokha.

Loweruka ndinadutsadi, wopanda chiyembekezo. Ndinawapeza atakhala pakhonde, atavala suti ya ku Bulawayo imene tsopano munkatha kulowa a Lameck atatu, wotchi ya tcheni pamimba, bulangete litapindidwa pamiyendo.

"Wachedwa," anatero. "Moyo wako wonse ndiwe wochedwa."

Ndinawakweza pa kaliyala, n'kuyamba kukankha mu mchenga. Munthu wowonda chotero, koma ankalemera ngati ndanyamula malamulo onse khumi pamodzi ndi miyala yake. Njira yonse ankandilangiza kayendetsedwe ka njinga.

Seshoni inali itayamba kale m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Zimene zinachitika tisanafike anandiuza Ama Jane Longwe, mlembi wa seshoni, mayi amene magalasi ake amaona mpaka machimo a mawa. Abusa anamufunsa Evelyn katatu. Katatu konse anayankha chimodzimodzi: "Ndinachapa, abusa. Si zovala za ku loji, si za malipiro. Mwini wake sindingamutchule." Abusa anamuchonderera kuti anene kwa iwo okha, kumbali. Iye anati analonjeza kuti sadzauza munthu, ndipo abusa nawonso ndi munthu. Akulu ena anayamba kung'ung'udza kuti mkazi wamasiye wochapa thalauza yachinsinsi, nkhani yake ndi ina. Ama Jane anamufunsa Duncan ngati anaona ndi maso ake. Iye anati mboni yake ndi a Joel Manda.

Nthawi yomweyo ndinakankha chitseko ndi gudumu la kutsogolo.

"Eya, mboni ija yafika," anatero Ama Jane. "Ada Joel, musanakhale pansi, nthawi ya mapemphero inu munkafuna chiyani ku mtsinje?"

"Ama, funso limenelo ndi labwino kwambiri, tilisunge. Ndabwera ndi mlendo."

Ada Lameck atalowa, atatsamira phewa langa, akulu onse anaimirira okha osauzidwa. Duncan anathamanga kudzawagwira mkono. "Ada, mwadzavutikiranji? Nkhaniyi ndikuithetsa ndekha, mpando wanu sutayika."

"Khala pansi," anatero bambo ake.

Anayala bulangete pa tebulo la seshoni, mkango n'kuyang'ana abusa. Evelyn anaweramitsa mutu, n'kunena motsitsa, "Ada, musatero. Palibe wakukakamizani."

"Khala chete, mwana iwe. Wakhala chete mokwanira, lero ndi ine." Anatembenukira kwa akulu aja. "Bulangete ili mukulidziwa. Ndi limene linachapidwa pa Sabata. Ine Lameck Mhone, chaka ndi miyezi iwiri tsopano, mkodzo sundimvera. Ndimadzuka nditanyowa ngati khanda. Si miyendo imene inandichotsa m'tchalitchi muno, ndi manyazi. Zofunda ndinkazikankhira pansi pa bedi. Mwana uyu anabwera ndi ufa tsiku lina, ndinamuthamangitsa pa zenera ngati enawo. Koma ali ndi mphuno ya wochapa. Mawa lake anabwera ndi beseni ndi sopo, n'kukhala pakhonde. Ndinamuopseza ndi ndodo, iye anati, 'Menyani ada, mukatha mundipatse zofundazo.' Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu. Iye anafuna azichapa madzulo akaweruka. Ndinakana, chifukwa madzulo ku mtsinje kumakhala amayi, ndipo mkango uwu ngakhale mwana woyamwa amauzindikira. Ndine ndinasankha nthawi. Ndinati azichapa belu likalira, mudzi wonse uli m'tchalitchi. Ine amene ndinaphunzitsa mudzi uno kusunga Sabata, ndinadziwa bwino kuti ndi ola lokhalo limene kunja kulibe maso." Anandiyang'ana. "Ndinaiwala kuti kuli Joel."

Wina anafuna kuseka, n'kusandutsa chifuwa.

"Mwana ameneyu ndinamudula ali mtsikana chifukwa cha mtondo umodzi wa chinangwa. Sindinafunse ngakhale kuti m'nyumbamo munali chakudya kapena ayi. Chaka chonsechi wakhala akugwira zonyansa zanga ndi manja ake, ndipo ndakhala ndikudikira tsiku loti andikumbutse. Sananenepo. Abusa, ng'ombe ija yogwera m'dzenje pa Sabata, imene mumalalikira, ndi ino yavala suti. Ngati mukudula munthu lero, yambani ndi ine."

Duncan anali atagwira chipewa chake ngati akufuna kuchifinya madzi. "Ada, nanga ine osandiuza bwanji? Si ine mwana wanu?"

"Chibwerere ku Joni unalowa kangati m'nyumba mwanga? Unkandipatsira shuga pa zenera ngati ndine wovota."

"Munkanditsekera chitseko, ada."

"Uyunso ndinkamutsekera."

Duncan anaimirira. Anapita pa tebulo, n'kutenga kalata yake pansi pa mchira wa mkango, n'kuipinda kanayi, n'kuiika m'thumba. Kenako anagwada pamaso pa Evelyn, thalauza ya ku Joni pa simenti ya fumbi, n'kuti, "Alongosi, ndakulakwirani." Evelyn anachita manyazi kuposa mmene anachitira pomuimba mlandu.

Musaganize kuti seshoni inangowomba m'manja. Ife Apresibeteriya ngakhale nyumba ikupsa timayamba tasankha wapampando. Anatitulutsa, n'kukambirana maola awiri. Mkulu wina anaumirira kuti Sabata ndi Sabata, ndipo tikatsegula khomo ili, mawa aliyense azichapa n'kumati ndi chifundo. Ama Jane anamuyankha kuti tsiku limene anthu a m'mudzi uno adzayambe kulimbirana kuchapa mikodzo ya okalamba, iwo adzagula sopo. Potsiriza anagwirizana kuti ntchitoyo inali ya chifundo, ndipo ngati pali wolakwa ndi mpingo wonse, umene unalola mkulu wake kuwolera m'nyumba chaka chathunthu chifukwa choopa ndodo. Atamuitana Evelyn kuti amuuze, iye anapempha kunenapo mawu. Anati nayenso analakwa pena: akanatha kuwauza abusa kalekale kuti pali wodwala amene akumuchedwetsa, popanda kutchula dzina, m'malo mosiya anthu akuganiza zawozawo. Abusa anati zilembedwe. Ama Jane anandiuza kuti pa zaka zawo zonse za ulembi, aka kanali koyamba munthu wopezeka wosalakwa kudziwonjezera yekha mlandu.

M'mawa mwake dzina linawerengedwa kachitatu. Abusa anafunsa ngati pali wina ali ndi chifukwa. Munali chete woti ndinamva chiswe chikutafuna denga. Sabata yotsatira anamuika manja. Anagwada kutsogolo atavala bulauzi yoyera imene anaisita mpaka inkatha kuima yokha, manja ake ali otuwa ndi sopo wa zaka zambiri.

Ntchito yake yoyamba ngati mkulu wa mpingo inali kupita ku nyumba ya malata ofiira ndi mtanda wa sopo. Anamutengera Duncan ku mtsinje Lachiwiri masana, amayi onse akuona, n'kumuphunzitsa kuviika, kutikita ndi kutsukuluza bulangete. Tsiku loyamba Duncan anathira sopo wambiri moti mkango unatsala pang'ono kusanduka nkhosa. Koma anaphunzira. Iye yemweyo anawatengera bambo ake ku chipatala, kumene anawathandiza ndithu, ngakhale sanachire kwathunthu. Evelyn anapemphanso pepala la pulasitiki lakale ku loji loyala pa matiresi, n'kukonza zoti abambo a m'dera lathu azisinthana kukacheza ndi odwala aamuna, kuti wina asadzabisalenso. Atalemba mayina, panapezeka madala ena atatu a vuto lomwelo, aliyense akuganiza kuti ndi yekha padziko. Patapita zaka zisanu Duncan anasankhidwa kukhala dikoni, popanda paketi ya shuga ngakhale imodzi, zimene ine zinandikhumudwitsa pang'ono.

Ada Lameck anabwerera m'tchalitchi. Anawakonzera mpando wa ulemu kutsogolo, koma anakana, n'kukakhala pa benchi la kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Anthu ankati ndi kudzichepetsa. Iwo ankati n'kufupi ndi chimbudzi. Ndikuganiza kuti zonse ziwiri zinali zoona. Tsiku la mgonero, Evelyn ankayenda ndi mbale kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo kwenikweni, n'kuwapatsa, iwo n'kulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza motsitsa kuti, "Yewu, ama." Anakhala zaka zina zitatu. Pa maliro awo Duncan anafunda mkango uja, woyera bwino.

Evelyn akadali mkulu mpaka lero, imvi zili mbuu, ntchito ya ku loji anasiyira mwana wake. Anthu amabwerabe pakhonde pake mmodzimmodzi, ndipo ine ndikayandikira amayamba kukamba za mitengo ya usipa.

Funso la Ama Jane lija silinatayike ayi. Mlandu woyamba umene Evelyn anakhalapo ngati mkulu unali wa munthu wina amene anapezeka akuvuula mono nthawi ya mapemphero. Ndinalowa ndikumwetulira, podziwa kuti pa bwalo pali magazi anga. Ndinafotokoza kuti nsombazo zinali m'ndende, ndipo kuzitulutsa inali ntchito ya chifundo.

"Munazitulutsira kuti, asibweni?" anafunsa Evelyn.

"Mu poto, mwanawe."

Anandipatsa miyezi itatu. Ndinakaimalizira pa benchi la kumbuyo, pambali pa Ada Lameck, amene ankandigunda ndi ndodo ndikayamba kuodzera. Ndipo Loweruka lililonse la miyezi itatuyo, Evelyn ankabwera kwathu kudzandichezera monga mkulu wa dera langa, n'kupemphera nane, n'kuchoka atanyamula malaya anga akuda.